CV yanji pa ntchito yanji? Kuyerekeza njira zolembera mbiri yanu

Chaka china, ku ofesi komwe ndinkagwira ntchito, tinalengeza m'nyuzipepala kuti tikufuna munthu mmodzi wothandiza ku akaunti. Tsiku lotsekera litadutsa, mesenjala anatitulira makatoni awiri odzaza maenvelopu a khaki, kuphatikiza zina zimene zinabwera pa imelo. Tinalipo atatu, ndipo abwana anatipatsa masana amodzi kuti tisankhe anthu 8 oti aitanidwe ku intavyu. Kunena zoona, palibe CV imene tinaiwerenga mpaka kumapeto. Maso ankagwera pamwamba pa tsamba loyamba, ndipo pomwepo pepala linkapita mulu wa kumanja kapena wa kumanzere. Madzulo, ndikubwezera mapepala m'katoni, ndinapeza ya mayi wina amene anagwirapo ntchito ngati yomweyo kwa zaka 6. Anazilemba pa tsamba lachinayi, pansi pa sukulu yake ya pulayimale ndi kwaya ya kutchalitchi. Tinamuwonjezera pa mndandanda, koma unali mwayi chabe, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa kuti onga iyeyo amene sitinawaone analipo angati m'makatoni aja.

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandipempha kuti ndimuonere CV, ndimayamba ndamufunsa zinthu ziwiri: akaiwerenga ndani, ndipo mphamvu ya mbiri yake ili pati. Mayankho ake ndi amene amasankha kalembedwe, chifukwa njira zilipo zingapo ndipo iliyonse imaika chinthu chosiyana patsogolo.

Imene tinatengera kwa achimwene

Ambiri tinaphunzira kulemba CV pokopera ya m'bale, kapena kwa anyamata otaipa ndi kufotokopa m'tauni. Imayamba ndi mutu waukulu wakuti Curriculum Vitae, mawu a Chilatini otanthauza ulendo wa moyo, kenako dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma lochokera, mpingo, ndi zoti munthu ali pabanja kapena ayi. Pambuyo pake pamabwera sukulu kuyambira pulayimale kukwera m'mwamba, ndipo ntchito zimabwera kumapeto.

Kalembedwe aka n'kaulemu ndipo n'kozolowereka, ndipo ubwino wake ndi womwewo basi. Theka la tsamba loyamba, malo okwera mtengo kuposa onse, limathera pa zinthu zimene sizikunena kanthu za luso lanu. Choopsa china n'chakuti mukupereka nokha zifukwa zoti munthu watsankho akusiyireni. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000, Employment Act, limaletsa kusala munthu polemba ntchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chinenero, ndale, kapena kukhala pabanja. Lamulo lilipo, koma amene akusefa mapepala ndi munthu, ndipo sangakuuzeni kuti boma lochokera ndi limene linamukhumudwitsa. Ngati chilengezo chatchula zaka zakubadwa, monga zimakhalira polemba asilikali ndi apolisi, lembani tsiku lobadwa. Ngati fomu yafunsa boma lanu, yankhani pa fomupo. Koma zimene sanafunse zisiyeni. Nambala ya chiphaso cha unzika nayonso isamayende pa CV imene mukuimwaza kwa anthu osawadziwa, makamaka masiku ano pamene chiphasocho chinalumikizidwa ndi nambala za foni ndi za kubanki.

Yoyamba ndi ntchito ya posachedwa

Iyi ndiyo imene olemba ntchito ambiri amaiyembekezera, kaya ndi ku banki, ku kampani ya shuga, ku bungwe lothandiza anthu kapena m'boma. Pamwamba pamakhala dzina, nambala ya foni, imelo ndi dera limene mukukhala. Kenako ntchito imene muli nayo pano kapena yomwe mwangoisiya, ndiye kumabwerera m'mbuyo. Pa ntchito iliyonse mumalemba udindo, dzina la kumene munkagwira, mwezi ndi chaka choyambira ndi chosiyira, kenako mizere yochepa ya zimene munachita. Maphunziro amabwera pambuyo, nawonso kuyambira apamwamba.

Mphamvu yake ndi yoti wowerenga savutika. Amaona msanga kuti munthuyu pano ali pati, wakwera bwanji, ndipo zaka zimene chilengezo chikufuna zakwana kapena ayi. Pa tebulo lathu lija, ma CV amtunduwu ndi amene ankapulumuka.

Komabe ambiri amaiwononga pa mizere ya pansi pa udindo. Amakopera ndondomeko ya ntchito imene anapatsidwa tsiku loyamba: kuyang'anira sitolo, kusunga malekodi, kugwira ntchito zina zimene bwana walamula. Zimenezi aliyense amene anakhalapo pa mpandowo angalembe, wakhama ndi waulesi yemwe. Ma CV athu timalemba m'Chingerezi, koma ganizo lake ndi ili: m'malo mwa "kuyang'anira sitolo", nenani kuti munkalandira ndi kugawa katundu wa zipatala zazing'ono 12, munkawerengera katundu mwezi uliwonse, ndipo munasamutsa malekodi kuchoka m'mabuku kupita pa Excel. Mphunzitsi atchule makalasi, maphunziro, chiwerengero cha ophunzira, ndi mmene anakhozera pa MSCE ngati ziwerengerozo ali nazo ndipo akhoza kuziikira umboni. Dalaivala atchule kalasi ya laisensi, mitundu ya galimoto, ndi misewu imene anazolowera, chifukwa woyenda Blantyre ndi Lilongwe pa M1 ndi wosiyana ndi amene amatsika ndi thanki ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Nambala iliyonse imene mwalemba ikhale yoona, chifukwa ku intavyu amakonda kuyambira pomwepo.

Kuipa kwa njira iyi n'kwakuti siibisa kanthu. Zaka ziwiri zimene munakhala pakhomo zimaonekera poyera. Munthu amene wagwira m'mabungwe pa makontirakiti a chaka chimodzi chimodzi amaoneka ngati wosakhazikika, pamene vuto linali loti thandizo la pulojekiti linatha. Mankhwala ake ndi apafupi. Pafupi ndi madeti, onjezani mawu ochepa onena kuti inali kontirakiti ya pulojekiti ndipo inafika kumapeto. Pa zaka zopanda ntchito, mzere umodzi ukwanira: munkasamalira kholo lodwala, munabwerera kusukulu, munkachita geni. Wosefa amachita mantha ndi malo osalongosoledwa kuposa ndi chifukwa chimene chanenedwa mosabisa.

Yoika luso patsogolo

Pali kalembedwe kena kamene kamasiya madeti n'kusonkhanitsa zonse pansi pa mitu ya luso: kusamala ndalama, kuyang'anira anthu, kugulitsa malonda, ndi zina zotero. Mayina a kumene munagwira amangotchulidwa mwachidule kumapeto. Alangizi ena pa intaneti amakalimbikitsa kwa anthu amene anakhala nthawi yaitali osagwira ntchito yolembedwa.

Ndikumvetsa chifukwa chake kamakopa. Tiyerekeze munthu wakhala zaka 7 ku Johannesburg, wagwira m'dimba, m'sitolo, kenako pa malo omanga, zina mwa izo popanda kalata iliyonse. Kapena mayi amene wayendetsa golosale yake kwa zaka zambiri, amaoda katundu, amasunga buku la ngongole, amalipira antchito awiri. Anthu awa luso ali nalo lenileni, ndipo kulemba motsatira madeti kumaliphwanya zidutswazidutswa.

Koma ndiyenera kunena mmene zimamvekera kwa amene wakhala mbali inayo ya tebulo. Akaona luso lambiri popanda kunena kuti linaphunziridwa kuti ndiponso liti, mtima umayamba kukayika. Amafunsa kuti kodi munthuyu akubisa chiyani. Ndipo ngati chilengezo chati zaka zosachepera 3 pa ntchito yofanana, wosefa amafuna kuwerenga zakazo ndi chala. Akalephera kuzipeza, pepala limapita kumanzere. Choncho njira iyi ndimailangiza pa malo ochepa: kwa mmisiri amene ntchito yake imaoneka ndi maso, monga wa matabwa, wowotcherera, telala kapena wamagetsi, makamaka polembera kontirakitala kapena kampani yaing'ono imene mwini wake amawerenga yekha. Kumeneko chimene chimalankhula ndi satifiketi ya TEVETA kapena giredi ya trade test, mndandanda wa nyumba kapena ntchito zimene munamaliza, ndi nambala za anthu amene munawagwirira. Ku banki kapena ku bungwe lalikulu, musaidalire.

Yophatikiza ziwirizi

Kwa munthu amene akusintha ntchito, iyi ndiyo ndimaikonda. Pansi pa dzina mumaika mizere itatu kapena inayi yonena kuti ndinu ndani pa ntchito ndipo mukubweretsa chiyani, kenako luso lochepa logwirizana ndi chilengezocho, lililonse ndi umboni wake. Zikatha izi, mbiri ya ntchito imatsatira ndi madeti ake onse monga mwa njira yachiwiri ija.

Taganizirani mphunzitsi wa sekondale amene akufunsira ntchito ku bungwe loona za maphunziro a atsikana. Akangolemba kuti mphunzitsi kuyambira 2014 mpaka pano, wosefa aona choko ndi bolodi basi. Koma mphunzitsi yemweyo mwina wakhala akuyendetsa kalabu ya atsikana, amagwira ntchito ndi gulu la amayi a pasukulu pobweza ana amene anasiya sukulu, amalemba malipoti opita kwa akuluakulu a maphunziro, ndipo anasungapo ndalama za komiti. Zimenezi zikakwera pamwamba, ndipo madeti n'kukhalabe pansi osabisidwa, wowerenga amapeza zonse ziwiri zimene amafuna.

Msampha wake uli pa mizere yoyambirira ija. Pafupifupi aliyense amalembapo kuti ndi wolimbikira, woona mtima, wotha kugwira ntchito ndi anzake ndiponso popanda womuyang'anira. Mawu awa tinawawerenga kambirimbiri masana aja mpaka maso anasiya kuwaona. Ngati chiganizo chingakwanire pa CV ya munthu wina aliyense, chichotseni. Siyani chokhacho chimene chili chanu: namwino wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi amene wagwira zaka 5 ku chipinda cha amayi oyembekezera, kapena wowerengera ndalama amene ndi membala wa ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, ndipo amadziwa pulogalamu ya akaunti ya Sage.

Njira iyi imafunanso khama, chifukwa gawo la pamwambalo liyenera kusinthidwa pa ntchito iliyonse imene mukufunsira. Ine ndimasunga CV imodzi yaitali imene sinditumiza kwa aliyense, momwe muli zonse, ndipo ndikaona chilengezo ndimadulamo zoyenera.

Wongomaliza kumene sukulu

Apa dongosolo limatembenuka: maphunziro amabwera poyamba chifukwa ndiwo chuma chachikulu chimene muli nacho. Lembani digiri kapena dipuloma, chaka, ndi mutu wa kafukufuku wanu ngati ukukhudzana ndi ntchitoyo. Mapointi a MSCE atchuleni ngati ali abwino kapena ngati afunsidwa. Wa digiri safunikanso kutchula pulayimale.

Achinyamata ambiri amati alibe choti alembe pa ntchito, koma ukacheza nawo pang'ono zimatuluka. Atachimenti ya chaka chachitatu ndi ntchito. Kuphunzitsa koyeserera ndi ntchito. Pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi, kuwerenga anthu pa kalembera wa 2018, kuthandiza pa malo oponyera voti, kusonkhanitsa mayankho a kafukufuku pa tabuleti, kusunga chuma cha gulu la achinyamata kutchalitchi kapena kumzikiti, zonsezi zili ndi madeti, udindo ndi munthu amene angaikire umboni. Tsamba limodzi lodzaza bwino limaposa masamba atatu otambasulidwa ndi zilembo zikuluzikulu.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza ambiri. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina la University of Malawi linatsalira ku Zomba, komwe kunali Chancellor College. Pa CV lembani dzina limene lili pa satifiketi yanu, ndipo ngati mukufuna, onjezani dzina latsopano pambali pake. Dzina la pa CV likasiyana ndi la pa satifiketi, wina wosadziwa mbiriyi, makamaka kunja, akhoza kuganiza zina.

CV ya ofuna kuphunzitsa ku yunivesite kapena kuchita kafukufuku ili payokha. Imeneyo siiwerengera masamba: zolemba zimene munasindikiza, misonkhano, maphunziro amene mwaphunzitsa, ophunzira amene mwawayang'anira, zonse zimalowa. Ingokumbukirani kuti ikatumizidwa ku kampani imatopetsa.

Zopita kunja, ndi mafomu

Dziko lililonse lili ndi chizolowezi chake. Ku Britain amayembekezera masamba awiri, popanda chithunzi, tsiku lobadwa kapena za banja. Lamulo lawo la Equality Act la 2010 linachititsa olemba ntchito kusamala kwambiri ndi zinthu zotere. Ku America amaitcha resume ndipo kwa munthu amene sanagwire nthawi yaitali imakhala tsamba limodzi. Ku Germany chithunzi n'chozolowereka ngakhale palibe lamulo lokakamiza. Europass, imene bungwe la European Union linayambitsa mu 2005, ndi fomu yaulere yodzaza pa intaneti, ndipo maphunziro ambiri a Erasmus Mundus, pulogalamu ya bungweli ya digiri yachiwiri, amaifuna. Ikafunsidwa igwiritseni ntchito, koma imadya malo ndipo imafananitsa anthu onse, choncho si yoyenera kutumiza ku kampani ya ku Limbe kapena ku Kanengo.

Mapepala a sukulu nawo amafuna kuwamasulira. Ku South Africa satifiketi ya kunja imayesedwa ndi SAQA, ku Britain ndi UK ENIC, ndipo kuno kwathu amene anaphunzira kunja amapita ku NCHE. Ngati munachita kale zimenezi, nenani pa CV.

Mabungwe a United Nations amakonda mafomu awo, monga P11 kapena tsamba la Inspira, ndipo makampani akuluakulu ambiri ali ndi masamba awo odzaza pa intaneti. Pamenepo palibe zosankha kalembedwe. Cholakwika chachikulu ndi kulemba m'bokosi kuti "onani pa CV yanga", chifukwa kusefa koyamba kumachitika pa zimene zili m'mabokosimo.

Yokongola kapena yamba

Masiku ano wachinyamata aliyense wa foni yabwino akhoza kutenga chikombole cha CV cha pa Canva, pulogalamu yokonzera maonekedwe a zolemba: mitundu, mizati iwiri, chithunzi chozungulira, ndi timizere toonetsa kuti Excel amaidziwa kufika apa. Zimasangalatsa m'maso, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makampani ndi mabungwe amene amalandira mapepala kudzera m'mapulogalamu monga Workday kapena Taleo amadalira kompyuta kutola dzina, madeti ndi maudindo kuchokera mu CV. Mizati iwiri, matebulo ndi mawu olembedwa m'kati mwa chithunzi nthawi zina zimasokonekera, ndipo zimene zimafika kwa munthu zimakhala zosakanikirana. Kuno kwathu vuto lofala ndi lina: CV imasindikizidwa pa makina a inki yakuda yokha kuti onse a pa gulu losefa aione, ndipo mbali ija yabuluu imasanduka chikanga chakuda chosawerengeka. Timizere ta luso tija natonso sitinena kanthu, chifukwa palibe amene anakuyesani. Wofunsira ntchito yojambula ndi kukonza zotsatsa malonda akhoza kuonetsa luso lake pa CV. Ena tonse, mzati umodzi, zilembo zooneka bwino, mitu yodziwika, ndi malo opumira maso.

Potumiza, PDF imasunga maonekedwe monga munawasiyira, pamene ya Word imatha kusuntha ikatsegulidwa pa foni kapena pa kompyuta ina. Koma ngati anena kuti akufuna Word, apatseni Word. Chimene sichiyenera n'kujambula pepala ndi foni n'kutumiza chithunzi. Failo ikhale ndi dzina lanu, ndipo imelo ikhale ya dzina lanu lenileni, osati ija munatsegula muli Fomu 3.

Akulembereni ndani

Kulemba nokha kumatenga nthawi koma mumadziwa mawu aliwonse amene ali pamenepo. Kwa otaipa m'tauni n'kofulumira ndipo kumathandiza amene alibe kompyuta, koma kawirikawiri amangofufuta dzina la kasitomala wa dzulo n'kuikapo lanu. M'makatoni aja tinapeza ma CV angapo a anthu osiyana okhala ndi chiganizo choyamba chofanana, cholakwika pa malo amodzimodzi. Ngati mukupita kumeneko, pitani mutalemba kale pa pepala, khalani pambali pa wotaipayo, ndipo tengani failo yanu pa fulashi kapena pa imelo. ChatGPT ndi zinzake zimawongola Chingerezi bwino, ndipo sindiona cholakwa kuzipempha kuti zikonze ziganizo zimene mwalemba nokha. Koma mukazisiya zilembe zonse, zimakupatsani luso limene mulibe ndi mawu amene simungawafotokoze mukafunsidwa. Njira iliyonse imene mwatsata, perekani kwa munthu wina awerenge musanatumize, makamaka amene amagwira ntchito ya mtundu umenewo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo diso la mwini silionanso cholakwika chimene lachiwerenga kakhumi.

Otsala ndi anthu oikira umboni. Malangizo ochokera kunja amati ingolembani kuti mudzawapereka akafunsidwa, ndipo ku Britain zimenezo zimayenda. Zilengezo zambiri za m'manyuzipepala athu, The Nation ndi The Daily Times, zimanena poyera kuti zikufuna anthu atatu opezeka, ndipo amene sanawalembe waphwanya kale lamulo la chilengezo. Amene anakuyang'anirani pa ntchito ndiye woyamba. Wongomaliza sukulu atenge mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wake ndi amene anamulandira pa atachimenti. Abusa, shehe kapena phungu akhoza kunena za khalidwe, koma akafunsidwa ngati mumamaliza malipoti pa nthawi yake alibe yankho, choncho asapitirire mmodzi. Wachibale asakhalepo. Aliyense mwa atatuwa muimbireni musanalembe dzina lake, mumuuze ntchito imene mukufunsira, mumutumizire CV yomweyo, ndipo mufunse ngati nambala ndi imelo zimene muli nazo zikugwirabe ntchito. Pa anthu 8 aja, mmodzi amene anachita bwino kwambiri ku intavyu anadikira milungu iwiri yowonjezera chifukwa nambala ziwiri mwa zitatu sizinkapezeka, ndipo wachitatuyo atayankha anayamba wafunsa kaye kuti munthu ameneyu ndi uti.